Kujambula Chipinda Monga Mwini Wake Amachidziwira

Inu amene mwakhala kumbuyoko, zithunzi zikayamba kuonetsedwa pakhomapa senderani kutsogolo, chifukwa nkhani ya lero imafuna maso.

Nkhani yake ndi ya zipinda. Ndikunena zipinda zojambulidwa ndi utoto pa chinsalu, koma zojambulidwa m'njira imene imadodometsa anthu ambiri: khoma silikumana bwino ndi pansi, mpando watsala mizere yokha, zenera lasanduka chigamba chakuda bii. Kajambulidwe kotere akatswiri amakatchula kuti abstract, ndiye kuti wojambula sakutsanzira ndendende zimene diso likuona. Munthu akaima patsogolo pa chithunzi chotere amadzifunsa chamumtima kuti, "Kodi ameneyu kujambula kunamukanika, kapena utoto unamuthera panjira?" Funsoli ndi loyenera, ndipo ndi limene ndabwera kudzayankha.

Tiyambire pa chinthu chimene aliyense muno akuchidziwa. Magetsi akathima usiku inu muli m'nyumba mwanu, simusochera. Mumadzuka, n'kulambalala tebulo osaligunda, dzanja n'kupita lokha pamene pamakhala machesi. Simukuona kanthu, koma chipinda chonse chili m'thupi mwanu: mukudziwa pamene pamazizira, pamene pamapanikiza, pamene pamakhala bambo ndipo mwana sayerekeza kukhalapo. Mlendo akalowa m'chipinda chomwecho dzuwa likuswa mtengo, aona zambiri kuposa inu. Awerenga mipando, aona mng'alu wa pakhoma, aona kalendala ya chaka chatha imene inu munasiya kalekale kuiona. Koma chipindacho sakuchidziwa. Pali kuona chipinda, pali kudziwa chipinda. Kamera imaona ngati mlendo. Ojambula amene ndikambe za iwo lero amayesa kujambula ngati mwini nyumba. Zina zonse mukhoza kuiwala, koma chimenechi muchigwiritse.

Mfundo zanga ndi zinayi. Yoyamba, mmene utoto unagwetsera makoma. Yachiwiri, nkhani ya zenera. Yachitatu, imene ndikhalitsepo, chipinda chimene munthu amachinyamula mumtima atachoka kwawo. Yachinayi, mmene tingayang'anire zithunzi zotere ndi kusiyanitsa chenicheni ndi chongonamizira.

Mfundo yoyamba: utoto ndi makoma.

Kwa zaka mazana ambiri, wojambula wa ku Ulaya akafuna kujambula chipinda ankatsata lamulo limodzi. Lamuloli linakhwimira mumzinda wa Florence ku Italy, ndipo Leon Battista Alberti analilemba m'buku mu 1435. Limafuna kuti chithunzi chikhale ngati zenera lotsegula. Mizere yonse ya pansi, ya kudenga ndi ya m'makoma ithamangire ku kadontho kamodzi kutali. Zapafupi zikule, zakutali zichepe. Ukatero, chinsalu chathyathyathya chimaoneka chakuya ngati bokosi. Ndi luso lalikulu, ndipo ophunzira inu muliphunzire mpaka dzanja lizolowere. Koma taonani chimene lamuloli likufuna: munthu mmodzi, ataima pamalo amodzi, diso limodzi atatsinzina, mutu osagwedeza. Ndani amakhala m'nyumba mwake motero? Ameneyo ndi mlendo amene waima pakhomo kudikira kuti amuuze kuti lowani.

Mmodzi mwa oyamba kuligwedeza bokosilo anali Édouard Vuillard wa ku Paris. Mayi ake anali osoka, ntchito ankagwirira m'nyumba momwemo, ndipo iye anakhala nawo mpaka pamene anamwalira mu 1928. Anakulira pakati pa nsalu. Mu 1893 anajambula mayi akewo ndi mlongo wake ali m'chipinda. Mayi akhala pakati, atavala zakuda, miyendo atatangadza, manja pamaondo, olimba ngati mwala. Mlongo wake wawerama chakukhoma, ndipo diresi lake lamandalasi lasakanikirana ndi mapepala amawangamawanga omata kukhomako, moti umachita kufufuza kuti munthu wathera pati, khoma layambira pati. Mlendo akanajambula anthu awiri oonekera bwino. Mwana wa m'nyumbamo ankadziwa kuti mmodzi ndiye amadzaza chipinda, winayo amazimiririka.

Koma amene anagwetsadi makoma ndi Henri Matisse, m'chithunzi ichi chimene mukuchiona tsopano, chotchedwa The Red Studio. Anachijambula mu 1911 ku Issy-les-Moulineaux, kunja pang'ono kwa Paris, ndipo ndi situdiyo yake yomwe, malo ake ogwirira ntchito. Ndi chachikulu, m'lifupi mwake kupitirira mamita awiri. Tayang'anani. Pansi ndi pofiira, makoma ndi ofiira, tebulo ndi lofiira, kabati ndi wofiira, ndipo ndi kufiira kumodzimodzi. Funani pakona pamene makoma awiri amayenera kukumana: mzere wake palibe. Wotchi yaikulu yaima pakati, koma ilibe mivi. Mipando ndi tebulo zatsala timizere topyapyala totuwa. Zimene zili ndi mitundu yake yeniyeni ndi ntchito za manja ake: zithunzi zimene wapachika ndi kutsamiritsa kukhoma, ziboliboli, mbale yojambulidwa, ndi tinthu tochepa ta patebulo monga kabokosi ka makrayoni.

Makoma enieni a situdiyoyo sanali ofiira. Ndipo akatswiri osamalira zithunzi ku Museum of Modern Art ku New York, kumene chithunzichi chili, atachiunika ndi makina pokonzekera chionetsero cha mu 2022, anaonetsa chinthu chimene ine chimandigwira mtima. Matisse anayamba wajambula chipinda chonse mwadongosolo: khoma labuluu, pansi papinki, mipando yachikasu chotuwira. Utoto unauma. Kenaka anatenga chofiira n'kukwirira pafupifupi zonse, mofulumira, mpaka tsitsi la burashi linatsalira mu utoto. Timizere timene mukutiona ngati mipando sitinalembedwe pamwamba ayi. Ndi timipata timene anasiya osapaka, pamene utoto wakale ukusuzumira kuchokera pansi.

Ndiye funso lija layankhidwa ndi chinsalu chomwe. Sikuti kujambula kunamukanika. Chipinda cha mlendo anachijambula n'kuchimaliza, kenaka anachikwirira dala. Anachotsa kuti chotsalacho chimveke. Kwa munthu amene amagwira ntchito m'chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku, khoma silioneka, nthawi siyenda, chimene chili moyo ndi ntchito yokha. Ndibwereze: anachotsa kuti chotsalacho chimveke.

Anthu sanachilandire msanga. Sergei Shchukin, wamalonda a nsalu wa ku Moscow amene ankagula ntchito zambiri za Matisse, ichi anachikana. Chinaonetsedwa ku London mu 1912 ndi ku New York mu 1913 popanda wochigula, ndipo chinakhala m'manja mwa mwini wake mpaka 1927, pamene chinakapachikidwa m'kalabu ya usiku ya Gargoyle ku London. Ku New York chinakakhazikika mu 1949. Kumeneko wojambula wina, Mark Rothko, ankapita kukachiyang'ana mobwerezabwereza, ndipo m'zaka zomwezo anayamba kujambula zigamba zikuluzikulu za mitundu zoyandama, zimene zimakuzinga ngati walowa m'chipinda. Matisse atamwalira mu 1954, Rothko anajambula chithunzi chomulemekeza n'kuchitcha Homage to Matisse.

Mfundo yachiwiri: zenera.

Chipinda chilichonse chili ndi malo amene chimakumanirana ndi dziko, khomo kapena zenera, ndipo ojambula a zipinda amabwerera pamenepa nthawi zonse. Matisse yemweyo mu 1905 ali ku Collioure, kamudzi ka asodzi kummwera kwa France kufupi ndi malire a Spain, anajambula zenera lotsegula lodzaza chimwemwe: maluwa pakhonde, mabwato panyanja, pinki ndi chobiriwira zikuvina. Anabwereranso ku Collioure kumapeto kwa 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba. Kwawo kumpoto kwa France kunali kutalandidwa ndi asilikali a Germany, mayi ake ali komweko, mchimwene wake atagwidwa. Matisse anadzipereka kuti apite kunkhondo koma anamukana, pamenepo n'kuti ali ndi zaka 44. Anajambulanso zenera. Ndi ili.

Mukuona mizere inayi yoimirira: wabuluu wotuwa kumanzere, wotuwa ndi wobiriwira kumanja, ndipo pakati, pamene payenera kuoneka nyanja, pali mdima wokhawokha. Amene anachiona pafupi ku Centre Pompidou ku Paris amadziwa kuti pansi pa mdimawo zitsulo za pakhonde zikuonekerabe pang'ono. Anayamba wajambula zakunja, kenaka anazitseka. Ena amati chithunzichi sanachimalize, ndipo n'zoona kuti iye ali moyo sanachionetse. Anthu anachiona koyamba mu 1966. Ine ndimati ngakhale zitakhala choncho, dzanja linaima pamalo oyenera. Munthu amene abale ake ali m'manja mwa adani akayang'ana pazenera saona mabwato.

Mmodzi mwa amene anachiona mu 1966, pa chionetsero cha ku Los Angeles, anali Richard Diebenkorn wa ku California. Ameneyu anali atayenda kale njira zonse ziwiri: anayamba ndi abstract, mu 1955 n'kubwerera kukajambula anthu atakhala m'zipinda pafupi ndi mazenera, anzake ena n'kumamuona ngati wabwerera m'mbuyo. Mu 1964 anapita ku Soviet Union kumene anakaona zithunzi za Matisse zimene Shchukin uja anasonkhanitsa. Kuyambira 1967, ali ndi situdiyo m'dera la Ocean Park ku Santa Monica, anayamba mndandanda wa zithunzi zoposa 100 umene anaugwira kwa zaka pafupifupi 20. M'zithunzizi mulibe munthu, mulibe mpando. Muli zigawo zazikulu za mitundu yofewa, ndi mizere yowongoka yopanikizana chakumwamba ndi m'mbali monga mafelemu a zenera. Sungathe kunena ngati uli m'kati ukuyang'ana kunja kapena uli kumwamba ukuyang'ana pansi. Chimene ndikufuna ophunzira muone n'chakuti Diebenkorn sankabisa pamene wasintha maganizo. Mzere akaufafaniza, chipsera chake chinkatsala chikuonekera pansi pa utoto watsopano. Inu mumachita mantha ndi chofufutira, mumafuna pepala loyera ngati simunalakwitsepo. Iye zipserazo ndi zimene zinkapatsa chithunzi kuya kwake.

Mfundo yachitatu: chipinda chonyamula mumtima.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Munthu akachoka kwawo, chimene chimamubwerera kutulo kawirikawiri ndi chipinda. Ndipo chipinda cha m'chikumbumtima sichibwera chathunthu. Pamabwera mtundu wa khoma, kuwala kwa nthawi inayake ya tsiku, kupanikiza kwa denga. Zina zonse zimagwa panjira. Apa ndi pamene kajambulidwe aka kamaposa kamera kutalitali, chifukwa kukumbukira nakonso kumachotsa kuti chotsalacho chimveke.

Maria Helena Vieira da Silva anabadwira ku Lisbon mu 1908, mzinda umene makoma ake amakutidwa ndi matailosi. Anapita ku Paris mu 1928, ndipo mu 1930 anakwatiwa ndi wojambula mnzake Árpád Szenes, Myuda wa ku Hungary. Ukwatiwo unamutayitsa unzika wa Portugal. Nkhondo yachiwiri itabuka, awiriwa anathawira ku Brazil mu 1940 ndipo anabwerera ku Paris mu 1947. Zipinda zake ndi timabokosi tating'onoting'ono tosawerengeka, ngati matailosi a kwawo aja, tokuta pansi, makoma ndi denga. Mu 1935, m'chithunzi cha chipinda cha matailosi chimene chili ku Tate ku London, chipindacho chikadali ndi mitundu yosangalatsa, ngakhale chayamba kupendekeka. Pofika 1950, mu The Corridor, mitundu yatha, kwatsala kutuwa, kuyera ndi kuda, makoma akupindikira m'kati, njira ikupita koma siikufika. Iye lamulo la Alberti sanalitaye. Analigwiritsa ntchito kambirimbiri m'chithunzi chimodzi, kadontho apa, kena apo, mpaka woyang'ana amasowa poponda. Mayi amene anakhalapo wopanda dziko ankadziwa kuti pansi pamatha kusuntha.

Howard Hodgkin wa ku England, amene anamwalira mu 2017, ndingomutchula mwachidule. Ankajambula pa matabwa, utoto n'kusefukira mpaka pa felemu, ndipo mitu ya zithunzi zake inali ya zinthu wamba, monga chakudya cha madzulo kunyumba kwa anzake. Chimodzi chotere, Dinner at Smith Square, anachiyamba mu 1975 n'kuchimaliza mu 1979. Madzulo amodzi, zaka zinayi. Iye ankakana kutchedwa wojambula wa abstract, ankati zimene amajambula ndi zinthu zenizeni, kungoti ndi za mumtima.

Amene ndikufuna tikhale naye nthawi ndi Hurvin Anderson, wojambula wa masiku athu ano. Anabadwira ku Birmingham mu 1965, makolo ake anachokera ku Jamaica, ndipo mwa ana asanu ndi atatu iye ndi chitsirizira, yekhayo wobadwira ku England. Makolo akewo ndi a m'badwo wa anthu a ku Caribbean amene anapita ku Britain nkhondo yachiwiri itatha, kuyambira pa sitima ya Empire Windrush imene inafika mu 1948. Anthuwa anaitanidwa kukagwira ntchito, koma makomo ambiri anawatsekera. Ngakhale kumeta kumene kunali kovuta, popeza ometa ambiri achizungu sankafuna kapena sankadziwa kumeta tsitsi la munthu wakuda. Tsono ena anatsegula malo ometera m'nyumba zawo zomwe. Kumeneko amuna ankakumana, kumva za kumudzi, kukambirana za ntchito ndi ndale, kulankhula chilankhulo chawo popanda wowayang'ana.

Bambo ake a Anderson ankametetsa pa malo otere, kachipinda ka m'mwamba, pansi penipeni pa denga. Mwanayo anakajambula kachipindako ndi kamera, ndipo pakati pa 2007 ndi 2009 anapanga mndandanda wa zithunzi wotchedwa Peter's Series, potengera dzina la wometayo. Tiyeni tiziyang'ane motsatana, chifukwa phunziro lili m'kutsatanako.

M'zoyambirira, zinthu zilipo: mipando, kalilole, mabotolo a mafuta patebulo, denga loyera lotsetsereka, makoma abuluu wowala. Chotsatira, katundu wayamba kuchoka. Chotsatiranso, kwatsala zigawo za buluu zokhazokha zitaima ngati zitseko, pansi pofiirira, ndi kuyera kwa denga. Ukachiona chokha ukhoza kunena kuti ndi mabokosi a utoto basi. Ndiye kenaka, chipinda chitayeretsedwa chonchi, Anderson amabweretsa munthu. Bambo wakhala pampando wometera, watifulatira, thaulo lili paphewa, mutu wawerama pang'ono. Nkhope yake sitiiona.

Taganizirani chimene wachita. Akanasiya katundu yense, ife tikanalowa ngati alendo, n'kumawerenga mabotolo, n'kumati taonani mmene anthu awa amakhalira. Iye watichotsera zowerenga. Watisiya ndi buluu uja, amene ambiri akamuona amakumbukira nyanja ndi thambo la ku Caribbean, atatsekeredwa m'kachipinda ka ku Birmingham kozizira. Watisiya ndi msana wa munthu wachikulire amene ali pamalo amodzi okha mumzinda wonsewo pamene angafulatire khomo osaopa kanthu. Ndipo potibisira nkhope, wamusungira ulemu bamboyo. Malowa anamangidwa kuti anthu apumule ku maso a ena, ndipo wojambulayo sanafune kuwaperekanso ku maso a ena. Kwa ine, apa kuchotsa kwasanduka khalidwe, ulemu wa mwana kwa akulu ake.

Anderson wabwerera ku malo ometera kwa zaka zambiri. M'zithunzi zina, mapepala a masitayilo a kametedwe amene amamatidwa pakhoma asanduka timabokosi ta mitundu, ndipo m'china cha pambuyo pake nkhope za Martin Luther King ndi Malcolm X zikutuluka pakati pa timabokosito. Mu 2017 anali mmodzi mwa osankhidwa kupikisana pa mphoto ya Turner.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene abale anu ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds, akukhala m'kachipinda ka lendi kamene Lamlungu kamasanduka tchalitchi, saluni ndi bwalo la milandu. Zipinda zimenezo zili ndi mbiri ya anthu athu, ndipo zikudikira wozijambula. Ena a mu Africa anayamba kale kuyenda njira yoyandikana nayo. Njideka Akunyili Crosby, wobadwira ku Enugu ku Nigeria mu 1983 ndipo akukhala ku Los Angeles, amajambula pabalaza pooneka bwinobwino, koma ukayandikira umapeza kuti khoma ndi pansi zapangidwa ndi zithunzi zing'onozing'ono za m'magazini a ku Nigeria ndi za banja lake, zodindidwa pa pepala. Khoma la ku America, m'kati mwake muli Nigeria. Sam Nhlengethwa wa ku South Africa ali ndi zipinda zopanda anthu, mpando, nyale ndi chithunzi cha wojambula amene akumulemekeza chitapachikidwa pakhoma. Awiriwa sanafike pochotsa zinthu monga Anderson, koma funso lawo ndi lomwelo: chipinda ichi mwini wake amachidziwa bwanji?

Mfundo yachinayi: kuyang'ana, ndi kusiyanitsa.

Wina anena kuti, "Zonsezi ndi za azungu, ife timafuna chithunzi chooneka." Mayina ambiri amene ndatchula ndi a ku Ulaya ndi ku America, zimenezo sindikana, chifukwa mwambo wojambula zipinda pa chinsalu unakulira kumeneko. Koma zoti mzere ndi mtundu zikhoza kunyamula tanthauzo popanda kufanana ndi chinthu, zimenezo sitinaphunzire kwa wina. Pitani ku Chongoni ku Dedza, kumene malo 127 a zojambula za pamiyala anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2006. Zofiira zakalekale za kumeneko zambiri ndi mikombero, madontho ndi mizere. Cholinga chake chinali china, sindikuti ndi chimodzimodzi ndi Matisse. Ndikungoti diso lathu si lachilendo pa nkhaniyi.

Tsono mukaima patsogolo pa chithunzi chotere, chitani zitatu.

Choyamba, dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri timapatsa chithunzi nthawi yochepa kuposa imene timapatsa uthenga wa pafoni. Chithunzi chimene munthu anachigwira zaka zinayi sichingakuuzeni zake mukudutsa. Khalani nacho mphindi zisanu musananene kanthu.

Chachiwiri, musayambe ndi funso lakuti "Ichi n'chiyani?" Yambani ndi lakuti "Ndaima pati?" Funani pansi. Funani kumene kuwala kukuchokera. Dzifunseni ngati chipindachi chikukulandirani kapena chikukukankhirani kunja, ngati mungakhalemo usiku wonse, ngati muli kotulukira. Thupi lanu liyankha maganizo asanayankhe.

Chachitatu, funani chimene chachotsedwa. Yandikirani muone m'mphepete mwa zigawo za utoto. Pali mtundu wina pansi? Pali mzere wofafanizidwa? Pamenepo ndi pamene wojambula anasankha, ndipo luso lonse lili m'kusankhako.

Chachitatuchi ndi chimenenso chingakuthandizeni kuzindikira chonamizira. Kunena zoona, zonamizira zachuluka. Mumaziona m'mahotela ndi m'maofesi: zigamba za mitundu zogulidwa kuti zigwirizane ndi makatani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndi zimene zimachititsa anthu kuganiza kuti abstract ndi njira yachidule ya munthu waulesi. Kusiyana kwake n'kotere. Kumbuyo kwa chofiira cha Matisse kuli situdiyo yeniyeni ku Issy-les-Moulineaux. Kumbuyo kwa mdima uja kuli zenera lenileni ndi nkhondo yeniyeni. Kumbuyo kwa buluu wa Anderson kuli kachipinda kamene bambo ake ankakwera masitepe kukametetsa. Onsewa anali ndi chochotsa. Wonamizira alibe chipinda chilichonse kumbuyo kwa utoto wake, sanachotse kanthu chifukwa analibe kanthu poyamba pomwe. Sungakwirire chimene sunajambule.

N'chifukwa chake, ophunzira, sindikukuuzani kuti musiye kuphunzira kujambula mpando wooneka ngati mpando. Ndikukupatsani ntchito yoposa pamenepo. Sankhani chipinda chimodzi chimene mumachidziwa bwino: khitchini ya agogo anu, chipinda chogona cha kusukulu, kagolosale kamene munkagulitsamo patchuthi. Chijambuleni koyamba ndi zonse zimene zilimo, motsata lamulo la Alberti, osasiya ngakhale msomali. Mawa lake, pepala loyambalo mulivundikire, mujambule kuchokera m'mutu. Tsiku lachitatu gwiritsani mitundu itatu yokha. Lachinayi chotsani chinthu chimene mukuganiza kuti ndicho chofunika kwambiri, muone ngati chipindacho chikhalabe chomwecho. Mukatero muonetse mapepala onsewo kwa munthu amene anakhalamo nanu, osamuuza kanthu, mumufunse kuti ndi liti limene akulizindikira.

Musadandaule za utoto wa m'machubu ndi chinsalu chodula. Katoni ilipo, makala alipo, katondo ndi makande zilipo, laimu ndi phulusa zilipo. Sefani bwino, sakanizani ndi guluu wa matabwa wosungunula m'madzi, mupeza chofiira, chakuda, choyera ndi chotuwa, zokwanira ntchito yonse imene ndakupatsaniyi. Aphunzitsi, ndikupempha kuti mapepalawo akatha muwapachike motsatana, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, monga tinaonera za Anderson, kuti ophunzira aone okha pamene aliyense anasankha.

Wapampando, ndikuona manja akwezedwa kale kumbuyoko. Tiyambe ndi mayi amene ali pafupi ndi khomowo.